Namwino wa khansa: ntchito yofuna maphunziro apadera ndi chiphaso chake

Pamene dziko la Malawi linkatsegula chipatala chachikulu cha khansa ku Lilongwe m'chaka cha 2025, maso a anthu ambiri anali pa nyumba zatsopano ndi makina otentha khansa, omwe kwa zaka zambiri odwala ankawatsatira ku Zambia, Tanzania, Kenya ngakhalenso ku India. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 2024, chipatala china chomwe si cha boma chinali chitayamba kupereka chithandizo cha mtundu womwewu mumzinda wa Blantyre.

Imeneyi ndi nkhani yosangalatsa. Komabe wodwala khansa amakhala pa makinawo mphindi zochepa chabe patsiku, ndipo dokotala amamuona kwa kanthawi. Maola ena onse otsala, usana ndi usiku, wodwalayo amakhala m'manja mwa namwino. N'chifukwa chake funso lomwe likuvutitsa akuluakulu a zaumoyo m'chigawo cha kummwera ndi pakati pa Africa ndi lakuti: kodi namwino ameneyu waphunzitsidwa zotani, nanga ndani akutsimikiza kuti ntchitoyo akuidziwadi?

Kukula kwa vutoli

Malinga ndi chiwerengero cha nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 18,000 anadwala khansa m'Malawi ndipo oposa 12,000 anamwalira ndi nthendayi. Mwa iwo, amayi oposa 4,000 anadwala khansa ya khomo la chiberekero ndipo pafupifupi 3,000 anafa nayo. Mayiko a Eswatini, Malawi, Zambia, Zimbabwe, Tanzania ndi Mozambique ali m'gulu la mayiko omwe khansa imeneyi yafala kwambiri padziko lonse. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi kachilombo ka HIV, pakuti mayi yemwe ali ndi kachilomboka ali pachiopsezo chodwala khansayi kasanu ndi kamodzi kuposa mnzake yemwe alibe.

Palinso khansa ya pakhungu yotchedwa Kaposi sarcoma, khansa ya kummero, khansa ya m'mawere, ndi khansa ya prostate yomwe imagwira abambo. Pakati pa ana, yodziwika kwambiri ndi Burkitt lymphoma, yomwe dokotala Denis Burkitt anaifotokoza koyamba ali ku Uganda mu 1958. Khansayi imatupitsa nsagwada kapena mimba, imakula mofulumira zedi, ndipo imapezeka kwambiri m'madera momwe muli malungo.

Madokotala odziwa za khansa ndi owerengeka m'mayiko onsewa, ndipo ambiri a iwo ali m'mizinda ikuluikulu. Anamwino ndiwo gulu lalikulu la ogwira ntchito zachipatala, ndiponso ndiwo amafika kumidzi. Choncho chithandizo cha khansa chiyenda bwino kapena chilephera potengera luso la anamwino.

Zomwe namwino wa khansa ayenera kudziwa

Namwino aliyense amaphunzira kwa zaka zitatu kapena zinayi asanayambe ntchito. Amaphunzira za malungo, chifuwa chachikulu, uchembere, katemera, mabala ndi zina zambiri. Za khansa amaziphunzira mongolambalala, pomwe ntchito yake ili ndi misampha yomwe munthu wosaphunzitsidwa sangaione.

Msampha woyamba ndi mankhwala enieniwo. Mlimi wa thonje kapena fodya amadziwa kuti mankhwala ophera mbozi akachepa mbozi sizifa, akachuluka mbewu imapsa, ndipo wopoperayo akapanda kudziteteza amadwala. Mankhwala a khansa, omwe achipatala amawatchula kuti chemotherapy, ali chimodzimodzi. Mlingo wake amauwerengera potengera kulemera ndi kutalika kwa wodwala aliyense payekha, ndipo asanaperekedwe magazi ayenera kuyezedwa. Namwino wodziwa amawerengeranso mlingo womwe dokotala walemba, ndipo akaona kuti wodwala watsika sikelo kapena magazi ake ndi ochepa, amaimitsa kaye ndi kufunsa.

Mankhwala ena, monga vincristine ndi doxorubicin, akathawa mumtsempha ndi kulowa mumnofu amawotcha ndi kusiya chilonda chovuta kupola, mwina mpaka kulemaza dzanja. Namwino wa khansa amaphunzira kusankha mtsempha wabwino, kuyang'anitsitsa diripi nthawi yonse yomwe mankhwala akulowa, ndi zoyenera kuchita msanga ngozi yotere ikachitika. Amadziwanso kuti vincristine amayenera kudzera mumtsempha wa magazi basi, chifukwa akabayidwa kumsana, monga amachitira ndi mankhwala ena, wodwala amafa. Pa thupi lake lomwe, namwinoyu amavala magolovesi ndi chovala chapadera, ndipo amaphunzitsa osamalira wodwala kusamala ndi masanzi, mkodzo ndi zovala za wodwalayo kwa masiku awiri chilandirireni mankhwala.

Msampha wachiwiri ndi kutentha thupi. Pakatha masiku 7 mpaka 14 munthu atalandira chemotherapy, chitetezo cha m'thupi mwake chimatsika kwambiri. Kumudzi, munthu akatentha thupi aliyense amaganiza za malungo, ndipo amayamba wamwa panado n'kudikira kuti kuche. Kwa wodwala khansa, kutentha thupi kofika madigiri 38 ndi ngozi yomwe ingathe kumupha m'maola ochepa. Lamulo lomwe akatswiri amatsata ndi lakuti wodwala wotere alandire mankhwala amphamvu opha tizilombo ola limodzi lisanathe chifikireni kuchipatala. Namwino yemwe sanaphunzire zimenezi angathe kumuuza wodwalayo kuti akhale pamzere monga ena onse, popanda cholinga choipa chilichonse.

Kwa mwana wodwala Burkitt lymphoma, masiku oyamba a mankhwala ndiwo oopsa. Chotupa chimasungunuka mofulumira, ndipo zonyansa zake zingathe kuwononga impso. Namwino amaonetsetsa kuti mwana akulandira madzi okwanira, amayeza mkodzo womwe akutaya, ndipo amazindikira zizindikiro zoopsa zisanafike poipa. Kwa mayi yemwe akutenthedwa ndi makina, namwino amayang'anira khungu, kutsekula m'mimba ndi kuchepa kwa magazi, ndipo amamulangiza za moyo wa m'banja chithandizo chikatha, nkhani yomwe amayi ambiri amachita manyazi kufunsa dokotala.

Pomaliza pali ululu. Mankhwala a morphine akumwa, akaperekedwa pa mlingo woyenera maola anayi aliwonse, amathetsa ululu woopsa ndipo munthu amatha kugona, kudya ndi kucheza ndi ana ake. Achipatala ambiri amawaopa mankhwalawa poganiza kuti amafulumizitsa imfa kapena kuti wodwala awazolowera. Mantha amenewa amatha ndi maphunziro. Pamodzi ndi zimenezi, namwino amaphunzira kuuza banja nkhani yowawa mwaulemu ndi moona, popanda kulonjeza machiritso omwe palibe komanso popanda kutayitsa mtima pomwe chiyembekezo chilipo.

Si pepala lililonse lomwe ndi chiphaso

Anamwino ambiri ali ndi mapepala ochuluka omwe analandira m'misonkhano ya masiku atatu kapena asanu. Maphunziro afupiafupi otere ndi othandiza, koma pepala lake limangosonyeza kuti munthuyo analipo. Chiphaso cha ukatswiri ndi chosiyana: chimaperekedwa munthu ataphunzira kwa nthawi yoikika, atagwira ntchito pa odwala enieni moyang'aniridwa, atakhoza mayeso, ndipo dzina lake n'kulembedwa m'kaundula wa bungwe loyang'anira ntchito ya unamwino.

Njira yodziwika kwambiri ndi ya ku America. Kumeneko anamwino a khansa anakhazikitsa bungwe lawo la Oncology Nursing Society mu 1975. Mu 1984 anakhazikitsanso bungwe lapadera loyendetsa mayeso, la Oncology Nursing Certification Corporation, ndipo mayeso oyamba analembedwa mu 1986. Kuti namwino alembe mayeso a chiphaso choyamba, chotchedwa OCN, ayenera kukhala atagwira ntchito ya unamwino zaka ziwiri ndiponso atatha maola 2,000 akusamalira odwala khansa. Chiphaso chapamwamba, chotchedwa AOCNP, n'cha anamwino omwe ali ndi digiri yachiwiri ndipo amaloledwa kuyeza odwala ndi kulemba mankhwala. Palinso ziphaso zapadera za khansa ya ana ndi khansa ya m'mawere. Chofunika kuchidziwa n'chakuti chiphasochi chimatha mphamvu pakapita zaka zinayi, ndipo mwini wake ayenera kuonetsa kuti wakhala akupitiriza kuphunzira kuti achikonzenso. Nzeru za khansa zimasintha, choncho zomwe munthu anaphunzira zaka khumi zapitazo sizokwanira lero.

M'chigawo chino njira yofala ndi yodzera kusukulu. Ku South Africa, bungwe la South African Nursing Council limavomereza dipuloma yapamwamba ya unamwino wa khansa ndi chisamaliro chochepetsa ululu, yomwe namwino wodziwa kale ntchito amaphunzira kwa chaka chimodzi, kenako ukatswiriwo n'kulembedwa m'kaundula. Ku Rwanda, komwe chipatala cha khansa cha Butaro chinatsegulidwa kumudzi mu 2012, yunivesite ya dzikolo inayamba kuphunzitsa digiri yachiwiri ya unamwino wa khansa mu 2015. Ku Kenya ndi ku Ghana nakonso kuli maphunziro a ukatswiri umenewu.

Ku Malawi, bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, lomwe linakhazikitsidwa mu 1966, ndilo limasunga kaundula wa anamwino ndi azamba, ndipo limafuna kuti aliyense azionetsa umboni woti akupitiriza kuphunzira pokonzanso chiphaso chake. Sukulu ya Kamuzu College of Nursing, yomwe inayamba mu 1979, inaphatikizana ndi College of Medicine mu 2021 n'kupanga yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences, komwe kuli digiri ya chisamaliro chochepetsa ululu. Pokonzekera chipatala cha khansa cha ku Lilongwe, ena mwa ogwira ntchito anakaphunzira kunja ndi thandizo la bungwe la International Atomic Energy Agency, lomwe mu 2022 linaika Malawi m'gulu la mayiko oyamba kupindula ndi ndondomeko yake ya Rays of Hope.

Pomwe anamwino anapatsidwa mpata

Umboni woti namwino wophunzitsidwa bwino amasintha zinthu sukusowa mu Africa muno. Ku Uganda, bungwe la Hospice Africa Uganda, lomwe anayambitsa Dr Anne Merriman mu 1993, linaona kuti morphine wakumwa sangafike kumidzi ngati wolemba mankhwalawo ndi dokotala yekha. Mu 2004 boma la dzikolo linasintha lamulo n'kulola anamwino omwe amaliza maphunziro apadera a miyezi 9 kuti azilemba morphine. Phunziro lake ndi lomveka: maphunziro, chiphaso ndi lamulo zinayendera limodzi. Namwino anapatsidwa mphamvu chifukwa panali njira yotsimikizira luso lake.

Ku Zambia, ntchito yoyeza khansa ya khomo la chiberekero yomwe inayamba ku Lusaka mu 2006 inaikidwa m'manja mwa anamwino. Namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero n'kudikira mphindi imodzi. Malo omwe ayamba kudwala amasanduka oyera. Anamwinowo ankajambula chithunzi cha malowo, kumuonetsa mayiyo, ndipo zithunzi zovuta ankakambirana ndi madokotala. Mwa njira imeneyi luso lawo linkayesedwa ndi kunoledwa nthawi ndi nthawi. Chipatala cha Cancer Diseases Hospital, chomwe chinatsegulidwa ku Lusaka mu 2007, chakhala chikuthandizanso odwala ochokera m'mayiko oyandikana nawo.

Ku Malawi, chipatala cha Nkhoma chinayamba mu 2013 kugwiritsa ntchito kachipangizo kotentha malo oyamba kudwalawo tsiku lomwelo mayi wayezedwa, kuti asachite kubweranso ulendo wina. Mu 2019 bungwe la WHO linatulutsa malangizo ovomereza njira imeneyi. Pa chisamaliro chochepetsa ululu, zipatala za Tiyanjane ndi Umodzi ku Gulupu mumzinda wa Blantyre, komanso Ndi Moyo ku Salima, zaonetsa zomwe anamwino odziwa ntchito angachite ndi zipangizo zochepa. Ku Zimbabwe, bungwe la Island Hospice lakhala likugwira ntchito yotereyi kuyambira mu 1979.

Ntchito yomwe ili patsogolo ndi yaikulu. Mu Novembala 2020 bungwe la WHO linakhazikitsa cholinga chakuti pofika 2030, atsikana 90 mwa 100 aliwonse akhale atalandira katemera wa HPV asanapitirire zaka 15, amayi 70 mwa 100 aliwonse akhale atayezedwa pofika zaka 35 ndi kuyezedwanso pofika zaka 45, ndipo 90 mwa 100 aliwonse opezeka ndi vuto alandire chithandizo. Pa khansa ya ana, cholinga chomwe chinaikidwa mu 2018 n'chakuti ana 60 mwa 100 aliwonse azichira pofika 2030. M'mayiko olemera ana oposa 80 mwa 100 amachira, pomwe m'mayiko ambiri osauka safika 30. Palibe chimodzi mwa zolinga zimenezi chomwe chingatheke popanda anamwino odziwa za khansa.

Zopinga

Chopinga choyamba n'chakuti namwino akapita kusukulu amasiya mpata. Pa chipatala chaching'ono cha kumudzi chomwe chili ndi anamwino awiri kapena atatu, kuchotsapo mmodzi kwa chaka chathunthu ndi nkhani yaikulu kwa amayi oyembekezera ndi ana a m'deralo. N'chifukwa chake maphunziro ophatikiza intaneti ndi masabata ochepa a m'chipatala chachikulu akuoneka othandiza, ngakhale kuti luso lobaya mtsempha kapena kuyeza mayi silingaphunziridwe pa foni.

Chachiwiri ndi mchitidwe wosinthasintha anamwino m'mawodi. M'zipatala zambiri namwino amakhala m'wodi imodzi kwa nthawi kenako n'kumusamutsira ku ina. Zotsatira zake n'zakuti yemwe waphunzira kupereka chemotherapy amapezeka ali kuwodi ya amayi oyembekezera, ndipo wolowa m'malo mwake amayambanso pachiyambi. Chiphaso cholembedwa m'kaundula chimathandiza kuteteza namwino wotere kuti akhale pomwe luso lake likufunika.

Chachitatu ndi malipiro. Ngati boma lilibe udindo wa namwino katswiri pa mndandanda wa maudindo ake, munthu amabwerako kusukulu n'kupeza malipiro omwe aja, ntchito yokha itachuluka. Njira yokhayo yokwerera imakhala kusiya odwala n'kukakhala muofesi, kapena kutuluka m'dziko. Malawi akuidziwa bwino nkhani imeneyi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino ambiri anapita ku Britain, mpaka boma, mothandizidwa ndi dziko la Britain lomwelo ndi thumba la Global Fund, linayambitsa ndondomeko yapadera yomwe kuyambira mu 2005 inawonjezera malipiro a ogwira ntchito zachipatala ndi 52 peresenti ndi kuchulukitsa ophunzira m'sukulu za unamwino. Chiphaso chapamwamba chimatsegula makomo a kunja, kotero dziko lomwe likuphunzitsa akatswiri liyenera kukonzeratu zowasungira kwawo.

Chachinayi ndi kutopa kwa mumtima. Namwino wa khansa amakhala ndi wodwala mmodzi kwa miyezi, amadziwa ana ake ndi dzina la mudzi wake, kenako nthawi zina amamuona akumwalira. Maphunziro abwino amakhudzanso za momwe wosamalira ena angadzisamalire yekha.

Gawo la alangizi ndi anthu akumudzi

Luso la namwino limapindula kwambiri wodwala akafika msanga. Mmera m'poyamba. Odwala khansa ambiri m'chigawo chino amafika kuchipatala nthenda itafalikira kale, ena atataya miyezi ndi ndalama kwa asing'anga poganiza kuti alodzedwa, ena atamwa mankhwala a matenda ena kambirimbiri. Apa ndi pomwe alangizi a zaumoyo, magulu osamalira odwala kumudzi, mafumu, atsogoleri a mipingo ndi makalabu a alimi ali ndi mbali yaikulu.

Zizindikiro zofunika kutumiza munthu kuchipatala mosachedwa ndi izi: kutaya magazi pogonana kapena mayi atasiya kale kusamba, chikazi chonunkha chosamva mankhwala, chotupa m'bere kapena m'khwapa ngakhale chisakupweteka, kuvutika kumeza nsima kenako phala, zigamba zakuda pakhungu kapena m'kamwa pamodzi ndi kutupa miyendo, ndi chilonda chosapola. Kwa mwana, kutupa nsagwada kapena mimba mofulumira, ndi kuyera kwa kamwana ka diso, n'zofunika kuthamanga nazo. Katemera wa HPV, yemwe anayamba kuperekedwa m'dziko lonse ku Zimbabwe mu 2018, ku Malawi ndi Zambia mu 2019, ndi ku Mozambique mu 2021, amateteza atsikana ku kachilombo komwe kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, ndipo sachititsa kusabereka monga ena amanenera.

Wodwala akayamba chithandizo, vuto lalikulu limakhala kuchimaliza. Chemotherapy amaperekedwa maulendo angapo, kawirikawiri pakatha masabata awiri kapena atatu aliwonse, ndipo ulendo uliwonse umafuna ndalama yoyendera ya anthu awiri. Chotupa chikaphwa pambuyo pa maulendo oyamba, banja limaganiza kuti munthu wachira, makamaka ngati ndi nthawi yobzala kapena yopalira pomwe manja onse akufunika kumunda. Khansa yosiyidwa panjira imabwerera, ndipo ikabwerera imavuta kuchiza. Gulu la banki m'khonde lomwe lapatula kandalama ka ulendo wa wodwala, kapena kalabu ya alimi yomwe yapalira munda wa banja lomwe lili kuchipatala, lagwira ntchito yofanana ndi mankhwala. Mutu umodzi susenza denga.

Mlangizi wa kumudzi angathandizenso posunga nambala ya foni ya wodi ya khansa kapena ya namwino woona za chisamaliro chochepetsa ululu pa chipatala cha boma, kukumbutsa wodwala tsiku lobwerera, ndi kuonetsetsa kuti akatentha thupi apite kuchipatala nthawi yomweyo, atanyamula buku lake la kuchipatala, ndipo akanene poyambirira kuti akulandira mankhwala a khansa. Makomiti a zipatala ndi makhonsolo ali ndi ufulu wofunsa kuti m'boma lawo muli anamwino angati ophunzitsidwa za khansa, ndipo akugwira ntchito m'wodi iti.

Ndondomeko yolimbana ndi khansa ya dziko la Malawi ikuyenda kuyambira 2019 mpaka 2029, ndipo zolinga za WHO zikutha mu 2030. Nthawi yatsala pang'ono. Kuphunzitsa namwino katswiri kumatenga zaka zitatu kapena zinayi za maphunziro oyamba, zaka zina za ntchito, ndi chaka chimodzi kapena ziwiri za ukatswiri. Mayiko omwe akufuna anamwino otere m'zipatala za m'maboma pofika 2030 ayenera kuwasankha, kuwalipirira sukulu ndi kuwakonzera maudindo awo tsopano lino.